Ozimitsa Moto ndi Boma la Pakati pa Mizinda Iŵiri

Nkhani yathu lero ndi ya moto, ndiponso ya anthu amene ntchito yawo ndi kuuzimitsa ndi kupulumutsa miyoyo pa nthaŵi ya ngozi. Maso athu tiwalozetsa ku Ntcheu kamba ka malo amene bomali lakhala. Munthu wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa mseu wa M1, akafika pa Ntcheu amadziŵa kuti ulendo wafika pakati: kumbuyo kwake wasiya makilomita pafupifupi 160, ndipo kutsogolo kwatsala mtunda wonga womwewo. Magulu aakulu a ozimitsa moto m'dziko muno ali m'mizinda iŵiri imeneyi. Tsono amene afuna kumvetsa m'mene ntchitoyi inakhazikitsidwira m'Malaŵi, ndi amene inawasiya kunja, aime pa Ntcheu ndi kuyang'ana mbali zonse ziŵiri.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu. Ambiri mwa iwo amakhala m'midzi, kuyambira kumtunda kozizira kwa Tsangano ndi Lizulu kumene kumachokera mbatatesi ndi kabichi, kutsikira ku chigwa chotentha cha Bwanje. Tiyambe tafunsa chimene makolo a anthu ameneŵa ankachita moto ukabuka, boma la atsamunda lisanabwere.

Mudzi unali ndi dongosolo lake, ngakhale kuti silinalembedwe m'buku. Woyamba kuona utsi pa tsindwi ankakuwa, ndipo mfuu imeneyo inali lamulo: wamkulu aliyense wakumva ankasiya chimene ali nacho m'manja. Amayi ankathamangira ku chitsime ndi mitsuko, abambo nakwera pa nyumba zoyandikana kukasasula udzu kuti malaŵi asapeze podumphira. Ena ankatulutsa ana, nkhalamba ndi odwala, ena kutsekula khola kuti ng'ombe zithaŵe, pakuti kwa Angoni kupsa kwa khola kunali kupsa kwa chuma chonse cha banja. Nyumba yoyakayo kaŵirikaŵiri sankalimbana nayo. Denga la udzu wouma limatha m'mphindi zoŵerengeka, ndipo anthu ankadziŵa kuti nkhondo yeniyeni ili pa nyumba yachiŵiri ndi pa nkhokwe. Nchifukwa chake nkhokwe ankaimanga potalikirako ndi khitchini, ndipo dzinja likatha ankalambula udzu kuzungulira mudzi, manda ndi malo odula udzu wofolerera. Moto ukazima, mlandu unkapita kwa nyakwaŵa kuti adziŵe gwero lake, ndipo wopsererwayo sankamanga yekha. Ankafulula moŵa, anzake nabwera ndi mitengo, luzi ndi mitolo ya udzu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Dongosolo limeneli tisalipepule, omvera. Linali ndi zinthu zitatu zimene gulu lililonse la ozimitsa moto limafuna: uthenga wofulumira, anthu odziŵa mbali yawo, ndi madzi apafupi. Chimene linalibe ndi mphamvu yolimbana ndi moto wa m'tchire m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene dziko lauma gwa ndipo osaka nyama ndi anyamata okumba mbeŵa ayatsa udzu ndi kuusiya uyende wokha.

Tsono ntchito ya ozimitsa moto ovala yunifolomu inachokera kuti? Mbiri yake njakale. Mfumu Augustus ya ku Roma inakhazikitsa magulu asanu ndi aŵiri a alonda a usiku m'chaka cha 6 A.D., ndipo ntchito yawo yaikulu inali kulondera moto. Koma mtundu umene unafika kwathu kuno unabadwira ku Britain. M'mwezi wa Seputembala 1666 moto unayaka masiku anayi mu mzinda wa London ndi kupsereza nyumba zoposa 13,000. Pambuyo pake makampani a inshuwalansi anayamba kulemba anthu awoawo ozimitsa moto, ndipo pakhoma la nyumba yolipiridwa ankakhomapo chizindikiro cha kampani. Cholinga choyamba cha magulu amenewo chinali kuteteza katundu wa amene alipira. Mzinda wa Edinburgh ndiwo unayambitsa gulu la khonsolo m'chaka cha 1824, motsogozedwa ndi James Braidwood. Mkuluyu anasamukira ku London mu 1833 kukatsogolera gulu la makampani a inshuwalansi, ndipo anafera pa ntchito mu 1861 chipupa chitamugwera pa moto wa ku Tooley Street. Imfa yake inathandiza kutsekula maso a akuluakulu, kotero kuti mu 1866 ntchitoyo inaloŵa m'manja mwa boma la mzinda.

Mfundo yofunika kuigwira pamenepa ndi yakuti ntchito imeneyi inakulira m'tauni, ndipo inkatsata ndalama za eni nyumba. Atsamunda anabwera nayo kuno ili choncho. Dziko lino linakhala pansi pa Britain mu 1891. Blantyre anakhala ndi khonsolo yake mu 1895, Limbe anatsatira mu 1909, ndipo matauni aŵiriŵa anaphatikizana mu 1956. Kumeneko nkumene kunali masitolo a Mandala ndi a amwenye, nyumba zosungiramo fodya, mabanki ndi siteshoni ya sitima, ndipo eni ake ankapereka msonkho wa nyumba ku khonsolo. Khonsolo yolandira msonkho wotere inkatha kuyala mapaipi a madzi, kugula galimoto ndi kulipira antchito. Ku Ntcheu, kumene masiku amenewo ankalemba kuti Ncheu, kunali ofesi ya Disii, apolisi, ndende, chipatala ndi timasitolo toŵerengeka. Panalibe msonkho wa nyumba wokwanira kugula ngakhale matayala a galimoto yozimitsira moto.

Ndipo pano tinene mosabisa: anthu a ku Ntcheu anayamba kulidziŵa boma latsopanolo ngati loyatsa moto. Inkosi Gomani Chikuse inaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo m'zaka zimenezo kutentha nyumba chinali chilango chodziŵika kwa midzi yokana kugonja kapena yolephera msonkho.

Gulu loyamba la boma limene linaphunzitsidwa kulimbana ndi moto m'maboma onga Ntcheu silinali la khonsolo ayi, linali la Dipatimenti ya Nkhalango. M'zaka za m'ma 1920 mapiri a Dzonzi ndi Mvai anaikidwa kukhala nkhalango zotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la 1926 linayambitsa nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi nyakwaŵa. Pambuyo pake pamene boma linadzala mitengo ya paini m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza, moto unasanduka mdani wamkulu wa chuma chake, pakuti paini si msuku kapena mombo umene umaphukanso lupsa likadutsa. Paini akapsa wapsa. Choncho a zankhalango anakhazikitsa dongosolo lenileni: miseu yotchinga moto yolambulidwa chaka ndi chaka, alonda okhala pamalo okwera kuyang'ana utsi, magulu a amuna okhala tcheru m'chilimwe ndi makasu, zikwanje ndi zopumira moto, ndiponso kutentha udzu msanga, m'miyezi ya Meyi ndi Juni usanaumitsitse, kuti moto wa Okutobala usoŵe chakudya. Luso limeneli linkaphunzitsidwa ku sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni m'boma la Dedza. Taonani tsono: mitengo ya boma inali ndi alonda a moto, koma midzi ya m'munsi mwa phiri lomwelo inadalirabe mfuu ndi mtsuko.

Mafumu nawo anasenzetsedwa gawo lina. Lamulo la 1933 linawapatsa mphamvu zoika malamulo m'madera mwawo, ndipo kudula mitengo ndi kutentha tchire zinali mwa zimene ankayang'anira. Koma itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, malamulo osamalira nthaka anayamba kukakamizidwa ndi chindapusa ndi ndende, anthu nadana nawo kwambiri. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani Wachiŵiri analangiza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linamuchotsa pa mpando, ndipo iye anamwalira chaka chotsatira. Malangizo ena a m'nyengo imeneyo anali anzeru ndithu, koma chifukwa chakuti anabwera ndi chikoti, anthu anawataya pamodzi ndi chikoticho.

Ufulu utabwera mu 1964, maziko a ntchito yozimitsa moto sanasinthe. Blantyre anakhala mzinda mu 1966, likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Mzuzu anakhala mzinda mu 1985, ndipo Zomba mu 2008. Makhonsolo anayi ameneŵa ndiwo akhala eni magulu a ozimitsa moto. Pambali pa iwo pakhala ozimitsa moto a pa mabwalo a ndege, monga Chileka ndi Kamuzu International Airport, amene amakhalapo chifukwa malamulo a maiko onse salola ndege zazikulu kutera pa bwalo lopanda opulumutsa. Iwoŵa nthaŵi zina amathandiza m'tauni, koma sangapite kutali ndi kusiya bwalo lopanda mlonda. M'zaka zonsezi dziko lino silinakhale ndi gulu limodzi la ozimitsa moto la dziko lonse monga m'mene lilili ndi apolisi, ndipo khonsolo ya Ntcheu sinakhale ndi gulu lofanana ndi la m'mizinda.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, omvera. Tinene kuti msika wa pa boma wagwira moto pakati pa usiku, ndipo galimoto yanyamuka ku Lilongwe nthaŵi yomweyo uthenga utangofika. Galimoto yolemera ndi madzi, yokwera zitunda za ku Dedza, singafike maola aŵiri asanakwane. Ikafika, madzi a m'thanki mwake, amene ndi malita zikwi zoŵerengeka chabe, amatha m'mphindi zochepa akatsekula mipope yonse. Pamenepo imafuna pothira madzi ena, ndipo ngati m'mbali mwa mseu mulibe mipope yapadera yotungirapo, iyenera kukasaka mtsinje kapena damu. Anthu amene amagenda ozimitsa moto chifukwa chofika mochedwa amalakwa kwambiri, pakuti amagenda munthu amene sanayeze mtundawo ndipo sanagule galimotoyo. Ngakhale m'mizinda momwemo mphamvu njochepa. Pa 18 Disembala 2015 nyumba yoŵerengeramo mabuku ya pa Yunivesite ya Mzuzu inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, mkati mwa mzinda wokhala ndi gulu lake la ozimitsa moto.

Nkhani ya madzi ku Ntcheu ili ndi phunziro lakelake. Damu la Mpira, limene linayamba kumangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 m'nkhalango ya Mvai kuti lizimwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, linaphwa mu 2018. Mvula inachepa, inde, koma nkhalango yosunga madziwo inali itaonongeka ndi nkhwangwa, makala ndi moto wa chaka ndi chaka. Moto wa m'phiri unathandiza kuumitsa madzi amene akadazimitsa moto wa m'mudzi.

Kodi lamulo likuti chiyani? Mu 1998 boma linavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la maboma aang'ono. Lamulo limeneli linapatsa khonsolo iliyonse, ya mzinda ndi ya kumudzi yomwe, mphamvu yokhazikitsa ntchito za ambulansi ndi zozimitsa moto. Pa pepala, tsono, Ntcheu ndi Blantyre anafanana. Koma mphamvu ya pa pepala sigula dizilo. Khonsolo ya mzinda imatolera msonkho pa nyumba, mafakitale ndi mahotela, pamene khonsolo ya Ntcheu imadalira ziphaso za m'misika monga wa Tsangano ndi Lizulu, malaisensi a magolosale, ndi ndalama zochokera ku likulu zimene zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake. Kuonjezera apo, makhansala amene anasankhidwa mu 2000 anatha nthaŵi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo panalibe woimira anthu m'khonsolo amene akadaimirira ndi kufunsa za galimoto ya moto.

Mbali ya kupulumutsa anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi inayenda njira ina, ndipo inafika kumudzi msanga kuposa galimoto yofiira ija. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe ndi kupha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lokonzekera ngozi ndi kupereka chithandizo, limene linabala nthambi ya boma yodziŵika ndi dzina lakuti DoDMA. Pansi pa lamuloli panakhazikitsidwa makomiti oteteza anthu ku ngozi: ya pa boma yogwira ntchito ndi bwanamkubwa, ina m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, monga kwa Ganya, Njolomole, Kwataine, Makwangwala, Phambala ndi kwina, ndi inanso kwa gulupu. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, Ntcheu anali limodzi mwa maboma 15 amene boma linalengeza kuti agwa m'ngozi. Namondwe Freddy atapha anthu ochuluka m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, aphungu anavomereza lamulo latsopano loloŵa m'malo mwa la 1991. Pa ngozi zazikulu zotere ofufuza ndi kupulumutsa anthu amakhala asilikali a Malawi Defence Force, apolisi, ndi odzipereka a bungwe la Red Cross, limene linakhazikitsidwa mwa lamulo mu 1966. Makomiti ameneŵa anazoloŵera za madzi osefukira, mphepo yosasula madenga ndi njala. Banja likapsa nyumba, iwo amalemba dzina ndi kupempha chimanga, mabulangete ndi pulasitiki. Ndi chithandizo chenicheni, koma chimafika phulusa litazizira.

Chatsala ndi mseu, ndipo ku Ntcheu mseu ndiwo umadya anthu ambiri. M1 imadutsa bomali kuchokera ku Manjawira, kudzera pa Chingeni, Kampepuza ndi pa boma, kukwera ku Biriwiri, Mlangeni ndi Lizulu, kumene mseuwo umayenda m'malire enieni a Malaŵi ndi Mozambique. M5 imapatuka kuloŵera ku Bwanje ndi Salima. M'misewu imeneyi mumadutsa mabasi, maminibasi, malole a feteleza ndi matanki a petulo, ndipo pa masiku a msika anthu amayala malonda awo m'mphepete mwenimweni mwa phula. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la 2018 linayerekeza kuti m'Malaŵi anthu 31 mwa 100,000 alionse amafa pa ngozi za pa mseu chaka chilichonse, chiŵerengero chimene chinali mwa zokwera kwambiri pa dziko lapansi. M'maiko ena ozimitsa moto amathera nthaŵi yambiri pa ngozi zotere kuposa pa moto weniweni, pakuti ndiwo amasunga zipangizo zodulira zitsulo za galimoto yophwanyika. Pa M1 ya ku Ntcheu ntchito imeneyo kwa nthaŵi yaitali yakhala ya anthu a m'mudzi wapafupi, ndi nkhwangwa ndi zitsulo zokanulira, ndipo wovulala amanyamulidwa pa galimoto iliyonse imene yaima. Manja achifundo koma osaphunzitsidwa angathe kupundula munthu wothyoka msana pomukoka.

Boma linayesa kutseka mpata umenewu. M'zaka za 2018 ndi 2019, ndi ndalama za World Bank, Unduna wa Zaumoyo unayamba kuyesa ntchito ya maambulansi a ngozi pa chigawo cha M1 cha pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118. Chipatala cha boma cha Ntcheu chinali chimodzi mwa zipatala zosankhidwa kulandira ovulala ndi kulemba kaundula wawo. Chinthu chachilendo pa ntchitoyi chinali chakuti mapu ake anajambulidwa motsata kumene anthu amavulalira, osati kumene msonkho wa nyumba umatoleredwa. Kuyambira mu Novembala 2021 magalimoto odutsa pa Chingeni amalipira pa chipata cha msonkho wa mseu. Ndalamazo nzokonzera misewu, koma si kulakwa kufunsa ngati kachigawo kake sikangasunge gulu lopulumutsa anthu pa mseu womwewo.

Anzathu oyandikana nawo anasankha njira zosiyana. Kutsidya kwa mseu pa Lizulu, ku Mozambique, ozimitsa moto ndi gulu la dziko lonse lotchedwa SENSAP, lokhala pansi pa unduna wa za m'dziko. Tanzania nayo inaika ntchitoyi m'manja mwa boma lalikulu ndi lamulo la 2007. Zambia inaisiya m'makhonsolo monga ife, ndipo mu 2017 boma lake linagula magalimoto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, nkhani imene inautsa mkangano waukulu pa za mtengowo. Ku Britain komwe kunachokera dongosolo lathu, analisintha kalekale. Nkhondo yachiŵiri isanayambe kunali timagulu toposa 1,000, tina tolephera ngakhale kulumikiza mapaipi awo ndi a anzawo. Mu 1941 anatiphatikiza kukhala gulu limodzi, ndipo mu 1948 anapereka ntchitoyo ku makhonsolo a zigawo zikuluzikulu, kuti tauni ndi midzi yoizungulira zikhale pansi pa mkulu mmodzi ndi thumba limodzi. Ife tinatengera dongosolo lawo lakale, iwo eni ake atalisiya tisanalandire nkomwe ufulu.

M'midzi ya ku Britain masiteshoni ambiri amayendetsedwa ndi anthu okhala ndi ntchito zawo zina, monga amakanika, alimi ndi ogulitsa m'sitolo, amene amaphunzitsidwa madzulo ndi kuthamangira ku siteshoni akaitanidwa. Ku Germany ozimitsa moto ambiri ndi odzipereka otere. Poona kwanga, njira imeneyi ndiyo ikuyandikira kwambiri mfuu ya makolo athu ija, ndipo zipangizo zake ku Ntcheu zilipo kale, kungoti nzomwazikana. A zankhalango amadziŵa kuŵerenga mphepo ndi kutchinga moto. Makomiti a kwa gulupu amadziŵa nyumba iliyonse ndi chitsime chilichonse. A Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba, apolisi ali pa mseu usana ndi usiku, ndipo lamulo la 1998 linapereka kale chilolezo ku khonsolo. Galimoto yaing'ono yokhala ndi thanki, pampu yonyamula m'manja yotha kukoka madzi m'mtsinje wa Mpamadzi kapena Rivirivi, zodulira zitsulo, ndi amuna ndi amayi khumi ndi aŵiri ophunzitsidwa bwino, atakhala pa boma, angafike pa Kampepuza kapena pa Biriwiri theka la ola lisanathe.